Ka wind tunnel ka pa tebulo: kamagwira ntchito, koma sanakapangire ku Chigwa kuno

Aphunzitsi anzanga angapo akhala akundivutitsa pa WhatsApp za kamakina kaja munaona ana a kalabu ya sayansi akusewera nako, eti kodi nkoyenera kugula kapena ndi chidole chabe. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ndi ka wind tunnel ka pa tebulo, kabokosi kodutsitsa mphepo pa chinthu kuti muone mmene mphepoyo ikuchilambalalira, timakina tija amagulitsa pa intaneti, anatigulira ndi alamu anga ku Joni nkukatumiza pa basi mpaka Blantyre, kutsika Thabwa kanali mukatoni pamiyendo yanga mu minibasi. Dzina la kampani sinditchula, ndinena zoipa zake zambiri pano, komanso timakina totere tilipo tambirimbiri tofanana ndendende, tosiyana sitika yokha.

Mukatsegula katoni mupeza kabokosi kotalika osafika mita imodzi. Kutsogolo kuli kukamwa kotambalala kodzadza ndi timabowo ting'onoting'ono towongola mphepo, pakati pali windo la pulasitiki yoonekera pomwe mumayikapo chinthu chomwe mukufuna kuyesa, kumbuyo ndiye kuli fani. Faniyo imakoka mpweya, siyikankha ayi, ndipo apa anaganiza bwino chifukwa mphepo yochoka pa mapiko a fani imatuluka yopotanapotana, mukayilozetsa pa modelo simungaone kanthu kalongosoka. Pali kathanki ka madzi kotulutsa nkhungu, magetsi a LED pamwamba, kachingwe ka USB, ndi timamodelo titatu: kagalimoto, phiko la ndege ndi capsule, kachipinda kaja mumakhala anthu pa chombo cha mumlengalenga, komwe kamabwerera kokha pansi pano zina zonse zitatayidwa. Yathuyi anayipanga mofanana ndi ya Apollo, zombo za ku America zija zinapititsa anthu ku mwezi, yotambalala pansi, yosongoka pamwamba. Pakatoni analemba mokweza kwambiri kuti muziyesa kubwerera kwa chombo padziko ngati mainjiniya enieni. Mawu amenewa ndi omwe anandikoka, ndipo ndi omwenso ndili nawo mlandu.

Koma ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndithu. Tsekani mawindo ndi zitenje mukhale kamdima, yatsani fani pa liwiro lotsika, dikirani nkhungu ikhazikike. Mumaona timizere toyera tikuyenda mondondozana bwinobwino, kufika pa nkhope yotambalala ya capsule timapatuka, ena mmwamba ena mmunsi, ndiye pongodutsa pa mphepete paja timizere timaduka, kumbuyo kwa capsule kumangokhala chipwirikiti, nkhungu kumazungulira kubwerera chammbuyo ngati yasokera njira. Mukachotsa capsule nkuyikapo phiko la ndege, timizere timalikumbatira mpaka kumchira osaduka. Kusiyana kumeneku ndakhala ndikujambula pa bolodi ndi choko kwa zaka, ana kumangogwedeza mitu kuti tamva Sala, koma tsiku lomwe anaona ndi maso awo kalasi inangoti zii, kenako mtsikana wina wa Fomu 3 anafunsa kuti, Sala, nanga bwanji anapanga chinthu choti mphepo izichikana chonchi, sakanangochisongola? Funso lokhalo kwa ine linabweza theka la ndalama ya alamu.

Yankho lake ndi lakale. Mu 1951 mkulu wina dzina lake H. Julian Allen, yemwe ankagwira ntchito ku Ames, malo a kafukufuku wa za ndege ku California, anapeza kuti chinthu chosongoka chikamalowa mu mpweya wa dziko pa liwiro loopsa, kutentha konse kumakakamira pa nsonga mpaka kusungunuka. Koma chikakhala chobuntha, mpweya umapanikizika nkupanga chimpanda cha shock wave chomwe chimayima patsogolo pang'ono osakhudza chombo, ndiye kutentha kochuluka kumapita ndi mpweya womwewo mmbali. Komanso chobunthacho mphepo imachigwira kwambiri ndiye chimachepetsa liwiro chikadali mmwamba. Ma capsule a Mercury, Gemini ndi Apollo a ku America, Soyuz ya ku Russia, Dragon ya SpaceX, Orion ya masiku ano, onsewa amabwera ndi kotambalala kutsogolo pa chifukwa chomwechi. Ndege imafuna kuthawa mphepo, capsule imafuna mphepo iyigwire, basi.

Apa ndiye pomwe ogulitsa ananama. Shock wave imeneyo simungayione mu kamakina aka ngakhale mutapemphera usiku onse. Kasikirini kake kamalemba ma 200 km/h ndi kwakuti mukapotokola mpaka kumapeto, ana kumakuwa kuti eeh, koma mukawerenga kapepala ka mkati, pa timalemba ting'onoting'ono, akuti mphepo yeniyeni imafika mamita 5 pa sekondi. Amenewo ndi 18 km/h, wa kabaza wa pa Dyeratu akakhala kuti wadya bwino amaposa pamenepo. Shock wave imayamba chinthu chikafika liwiro la phokoso, mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Ndiye capsule yochokera ku mwezi imalowa mu mpweya wa dziko pa makilomita 11 pa sekondi, pafupifupi 40,000 km/h. Orion pa ulendo wa Artemis I, ija inanyamuka pa 16 November 2022 nkugwera mu nyanja ya Pacific pa 11 December, inabwera pa liwiro loposa la phokoso ka 32, chishango chake cha pansi choteteza ku moto chinatentha kufika madigiri pafupifupi 2,760. Ife kuno ikangofika 42 mu October timayamba kugona panja. Tawerengerani nokha, 11,000 kugawa ndi 5, kamakina kathu kakuchepa ka 2,200. Ngakhale liwiro lomwe Orion imagwera m'madzi ma parachute onse atatseguka, cha mma 30 km/h, sikalifikira. Ndiye kulemba pakatoni zoti muyesa kubwerera kwa chombo ndi bodza la masana, ndipo mwana yemwe alibe mphunzitsi pafupi womuuza atha kukula akukhulupilira kasikirini kaja.

Komabe sindikufuna muganize kuti mphepo yofooka ilibe ntchito pa nkhani za ma capsule, ayi, ndipo apa ndi pomwe kamakinaka kanandisangalatsa mosayembekezera. Capsule ikamaliza gawo la moto lija nkutsika liwiro, imayamba vuto lina, kugwedera. Chipwirikiti chija cha kumbuyo chimayikankha uku ndi uku, ndipo kugwederako kumatha kumakula mpaka kutembenuzika, ma parachute nkukolana. Ichi ndi chifukwa chake Orion ili ndi ma parachute 11, mwa amenewa awiri ang'ono amatuluka msanga kuti ayikhazike kaye isanatsegule atatu akuluakulu aja. A NASA, bungwe la za mumlengalenga la ku America, zimenezi amaziyesa pa mphepo yapang'onopang'ono. Ku Langley, ku Hampton mu Virginia, kuli tunnel yoyima chilili yotambalala mafiti 20 yomwe inayamba ntchito mu 1941, mphepo imachokera pansi kupita mmwamba, munthu amangoponya modelo ndi manja nkumayandama pamenepo makamera akujambula mmene ikuvinira. Anayipangira ndege koma ma modelo a Mercury, Gemini, Apollo mpaka Orion anadutsamo. Ku Langley komweko mu 1959 anayika capsule ya Mercury yathunthu, ya saizi yake yeniyeni, mu tunnel ina yaikulu ya mafiti 30 kwa 60.

Kugwedera kumeneku ife tinakuona. Modelo yomwe imabwera mukatoni ndi yomangilira pa kamtengo kolimba, siyitembenuka, ndiye siyionetsa kanthu pa nkhaniyi, komanso ndi yayikulu mopitilira muyeso, imatseka pafupifupi theka la njira ya mphepo ndiye mpweya umachita kudzipanikiza mmakoma, zomwe sizichitika mumlengalenga. Tinapita kwa kalipentala wina pa Nchalo kuti atisemere ina yocheperapo ya mtengo wopepuka. Madala aja anayang'ana chithunzi pa foni nthawi yayitali nkufunsa kuti, aphunzitsi, ichi ndi chotsekera botolo lanji? Titawauza kuti mumakhala anthu atatu ochokera ku mwezi anangoseka, koma anasema zokongola, kupala ndi sandipepa mpaka see. Tinaboola kabowo mopingasa pafupi ndi mbali yotambalala, nkulowetsamo sipoko ya njinga kuti modelo izitha kuzungulira momasuka. Kuyatsa fani, tinayiyika chammbali, yokha inatembenuka nkulozetsa kotambalala ku mphepo, kenako inayamba kugwedera kumanja kumanzere, osasiya, osakhazikika, mukawonjezera liwiro kugwederako kumafulumira. Mnyamata wina anajambula pa slow motion ya foni ndipo mumaona bwinobwino nkhungu ikusomphoka mbali imodzi kenako inayo, modelo kumatsatira.

Titatero tinaboolanso bowo lachiwiri pambali pang'ono, osati pakati penipeni. Apa modelo inakhazikika mopendekeka, nkhungu kumakankhidwira mbali imodzi kwambiri. Chimenechi ndi chinsinsi cha Apollo. Anachita dala kuyika kulemera kwa capsule pambali pang'ono kuti izibwera yopendekeka, ikapendekeka mphepo imayinyamula pang'ono, ndiye akayigudubuza kumanja kapena kumanzere amatha kusankha kuti atsike msanga kapena ayandame kaye, kuwongolera chinthu chopanda mapiko. Ya Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita mumlengalenga, Vostok ya pa 12 April 1961, inali yobulungira ngati mpira, mbali yolemera imatsogola yokha koma palibe zowongolera, amangogwa basi, thupi kulemera ka 8, ndipo iye anachita kutulukamo ali makilomita 7 mmwamba nkutsika ndi parachute yake. Tinayikamo kampira ka thebulo tenisi kuti ana afananize, ndipo kusiyana kwake kumaoneka. China chomwe anapeza ana okha ndi choti modelo yathu ukayilozetsa nsonga ku mphepo mosamala kwambiri nthawi zina imakhala choncho osatembenuka. Apollo yeniyeni inali ndi khalidwe lomwelo ndipo linkawadetsa nkhawa, nchifukwa chake pa nsanja yothawitsira anthu roketi ikavuta anayikapo timapiko tiwiri toti titembenuze capsule chishango chikhale kutsogolo. Zonsezi mwaona kuti tinazipeza ndi modelo yosema tokha ndi sipoko ya njinga, buku la malangizo la mukatoni silinena kalikonse ka izi, ndi masamba ochepa a zithunzi zoonetsa polowetsa USB.

Tsopano mavuto a kuno kwathu, omwe a ku Joni kapena ku China komwe amapanga sangawaganizire.

Loyamba ndi madzi. Kamene kamatulutsa nkhungu ndi kachitsulo kobulungira kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye madzi a pa mjigo ambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje mukuwadziwa, amchere, ketulo imachita kuyera mkati. Sipanatenge nthawi nkhungu inayamba kutuluka modukizadukiza kenako kusiyiratu, kuyang'ana kachitsulo kaja kayera mbuu ndi mchere. Tinakaviika mu vinega kanabwererako pang'ono koma osati ngati poyamba. Pakatoni sanalembe paliponse kuti pamafunika madzi opanda mchere. Gwiritsani ntchito a m'botolo ogula kapena a mvula osefa, kuyambira tsiku loyamba.

Lachiwiri ndi kutentha komweku. Nkhungu ndi timadontho ta madzi, ndiye nyengo ya October ndi November masana, mpweya uli gwaa kuuma, timizere timasowa tisanafike nkomwe pa modelo. Mmawa cha mma 7 kamaonetsa bwino, ikamakwana 11 mukalasi ya malata yopanda siling'i iwalani. Ndiye kumbukirani kuti pamafunika kutseka mawindo kuti mukhale mdima komanso mphepo ya panja isasokoneze, tangoganizani ana kudzadzana mchipinda chotseka ku Ngabu dzuwa lili paliwombo, thukuta kamukamu, palibe sayansi yomwe ingalowe mmutu. Mu June ndi July ndi momwe kamasangalatsa, kupatula masiku a mwera omwe kamphepo kolowera pansi pa chitseko kokha kamapinditsa timizere tonse. Guluu yemwe anamatira ma LED nayenso anafewa ndi kutentha, mzere wa magetsi unagwera mkati, panopa tinamanga ndi tepi yakuda.

Nkhungu itavuta tinayesa utsi wa koyilo ya udzudzu, kudutsitsa mu ma straw angapo omangidwa pamodzi. Kunena zoona timizere take ndi tooneka bwino kuposa ta nkhungu ndipo sitisowa ndi kutentha, koma ana amayamba kutsokomola, maso kuwawa, komanso utsi umasiya mafuta achikasu pa windo la pulasitiki lija, ukapukuta ndi nsalu limakalika. Lubani ndi bola pang'ono. Chitani pa khonde lotchingidwa ngati mungathe.

Fumbi sindinena zambiri, timabowo ta kutsogolo timadzadza msanga ndipo sitichoka kuti utsuke, timangopopera ndi pampu ya njinga. Pulagi yake ndi ya ku South Africa ya mano obulungira, gulani adaputala. Ubwino wake kamayenda pa USB ndiye magetsi akazima mutha kulumikiza ku batire ya sola, koma pa power bank yotchipa fani imafooka nkhungu ndi ma LED zikayaka limodzi, mumamva kulira kwake kukusintha.

Chomwe chinandikhumudwitsa kwambiri monga mphunzitsi wa fizikisi ndi choti kamakinaka sikayeza kanthu. Tunnel yeniyeni ntchito yake yayikulu ndi manambala, modelo imamangidwa pa sikelo yomwe imawerenga mphamvu yomwe mphepo ikukankhira chammbuyo, chammwamba komanso yomwe ikufuna kuyipotokola, ndipo pathupi pa modelo pamakhala timabowo toyezera kupanikiza kwa mpweya. Aka ndi ka maso okha. Mwana sangalembe tebulo, sangajambule girafu, sanganene kuti capsule ikukanidwa kangati kuposa phiko. Wilbur ndi Orville Wright, abale omwe anapanga ndege yoyamba, mu 1901 anakhoma bokosi lamatabwa losafika mamita awiri mu shopu yawo ya njinga ku Dayton, nkupanga masikelo awo ndi masipoko komanso timapeni ta sowo yodulira zitsulo, anayesa mapiko osiyanasiyana pafupifupi 200, ndipo manambala amenewo ndi omwe anawaulutsa mu 1903. Ndiye kuti bokosi la zaka zoposa 120 zapitazo linkachita zomwe kathu ka ma LED sikangathe, zimandiwawa ndithu. Windo nalonso ndi laling'ono, oona bwino ndi ana anayi kapena asanu pakamodzi, ndiye makalasi athu mukuwadziwa kuchuluka kwake. Timangoyika foni pa windo nkujambula, enawo adzaonere pa laputopu.

Ndinawauzanso ana kuti asamakanyoze kwambiri, chifukwa ngakhale eni ake a ndalama alibe tunnel imodzi yomwe imapanga zonse. Ina ndi ya mphepo yapang'onopang'ono, ina ya pafupi ndi liwiro la phokoso, ina yoposa pamenepo yomwe imawomba kwa kanthawi kochepa chabe, ndiye kutentha amakayesa kwina mu arc jet, momwe amawotcha mpweya ndi magetsi nkuwuthira pa kachidutswa ka chishango. Amasonkhanitsa zidutswazidutswa ndi kuwerengera kwa kompyuta. Ndipo ndi zonsezo, Orion ya Artemis I itabwerera anapeza kuti chishango chake chinabenthukabenthuka malo oposa 100, zomwe sankayembekezera. Zinawatengera mpaka December 2024 kuti alengeze chifukwa chake, kuti mpweya womwe umapangika mkati mwa Avcoat, zomatira za pa chishangocho, unkasowa potulukira nkumaswa pamwamba, ndipo anatsimikiza zimenezi atabwerera ku arc jet ya ku Ames konkuja. Munalibe anthu pa ulendo umenewo, cholinga chake chinali chomwecho, kuyesa.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati muli ndi wachibale kunja woti akugulirani ngati mphatso, landirani ndi manja awiri, ana adzaona zinthu zomwe choko sichingawaonetse, bola inu mukhale pomwepo kuwauza kuti kasikirini kakunama komanso kuti zomwe akuonazo ndi gawo lomaliza lokha la ulendo, pafupi ndi ma parachute. Koma ngati ndi ndalama ya sukulu kapena ya makolo, ine ndikuti ayi. Ndinakambirana ndi wokhoma ndowa wina pa msika wa Ngabu, ndinamuonetsa kamakinaka, anakatembenuza uku ndi uku nkuti, achimwene, ichi ndi faneli ndi bokosi basi, bweretsani malata osalala awiri. Fani ya radiyeta ya galimoto mutha kuyipeza kwa amakaniko, imayenda pa batire ya 12V ndipo mphepo yake ndi yamphamvu kuposa iyi, ma straw odula mofanana nkuwamata pamodzi amawongola mpweya chimodzimodzi, windo muyike galasi lenileni lomwe silikalika, ndipo mutha kulipanga lalikulu kuti ana ambiri aone. Pansi mutha kusiya mpata woyika kasikelo ka digito kaja ogulitsa pa msika amayezera tinthu topepuka, mukhale ndi manambala. Sikhala yokongola ngati yogulayi, timizere sitikhala tosalala chotere pokhapokha mutaleza mtima pa kukamwa kwa kutsogolo kuja, kumafunika kupindika mosalala osati kwa makona.

Pa nyenyezi zisanu ndikapatsa zitatu, imodzi ndachotsa chifukwa cha bodza la pakatoni, ina chifukwa chosayeza kanthu. Za mchere ndi kutentha sindikawerengera mlandu kwambiri, sanadziwe kuti kadzafika ku Chigwa. Amene mwatsimikiza kale zogula, uzani okugulirani awonjezere tizitsulo tiwiri ta sipeya totulutsa nkhungu tija, ndafunsa mmashopu a zamagetsi ku Limbe sindinatipeze, ndipo kakafa kameneko mwatsala ndi koyilo ya udzudzu basi.